Likongwe ndi Utsi wa M'galimoto ya Odwala

Padangokhala. Ngati mwavomera kuti tili tonse, mukhaledi nane mpaka kumapeto, pakuti iyi si nthano yosekera.

Kunali dziko la nyama limene linkalamulidwa ndi mfumukazi Mphalapala. Chipatala chinali kutali, ndipo odwala ankapita nawo pa machila. Ambiri ankatsirizikira panjira, onyamulawo n'kubwerera ndi maliro. Chaka china mchemwali wake wa mfumukaziyo, amene anali woyembekezera, anapita mwa njira yomweyo. Itachoka kumanda, mfumukazi inasonkhanitsa nyama zonse, ndipo zinapangana kuti uchi wonse wa chaka chimenecho ugulitsidwe, zigule galimoto yonyamula odwala.

Galimoto imene zinagula sinkamwa petulo. Inkayendera magetsi. Kumimba kwake kunali batire lalikulu lotambalala ngati mphasa, ndipo padenga la shedi imene inkagonamo anaikapo masola otapa mphamvu ya dzuwa. Inkayenda mwakachetechete, yopanda utsi ngakhale pang'ono, ndipo chibwerere chake maliro a panjira anachepa.

Mfumukazi inagawa maudindo. Kiyi inapatsa nduna yaikulu, Kambuku. Chiwongolero inapatsa Njiri, bambo wofatsa wa ana aang'ono. Khoswe, mayi wamasiye, analandira tsache kuti azisesa m'shedi, ndipo anamanga kanyumba kake kogundana ndi shediyo. Wokonza galimoto ikavuta anali Likongwe.

Likongweyo manja ake anali abwino, koma pakamwa pake sipankadalirika. Ndi iye amene anagulitsa Fisi njinga yopanda tcheni, namuuza kuti ndi yamakono, yoyenda kumtsetse kokha. Ndi iyenso amene anauza Katumbu kuti wayilesi yake yasiya kulankhula chifukwa cha njala, ndipo iyenera kupatsidwa nsomba zouma m'mawa uliwonse, nsombazo n'kumadya iye. Choncho nyama zinkati, Likongwe umpatse chitsulo, koma khutu usampatse.

Tsiku lina mfumukazi ili kumaliro kumudzi wina, Kambuku anafuna kukadzionetsa kwa apongozi ake kutsidya la mtsinje. Anaitana Njiri, anamukankhira pampando wa pambali, chiwongolero n'kugwira yekha.

"Bwana nduna," anatero Njiri, "njira yakutsidya si ya galimotoyi."

"Kiyi ndi wa yani?"

"Ndi wanu, bwana."

Powolokera mtsinje, mimba ya galimoto inamenya mwala, kumveka ngati mtondo wagwa. Galimoto inagwedezeka, koma inapitirira. Pobwerera Kambuku anaika dzanja lake paphewa la Njiri, zikhadabo zili panja.

"Ana ako ndimawaona akusewera kuseri kwa nyumba yako. Akunenepa bwino. Lero tinapita kuti?"

"Sitinapite kulikonse, bwana."

Patangopita masiku ochepa, Njiri akubwera kokatula Gwape amene anathyoka mwendo, galimoto inalowa m'mudzi ikufuka utsi kumbuyo. Nyama zinathawira kutali, zina n'kuthamangira kukaitana Likongwe.

Likongwe anafika ndi thumba lake la masipanala. Sanagwire kanthu. Anayamba wazungulira galimoto mphuno ili m'mwamba, uku akuimba. Inali nyimbo yake ya pantchito, yofunsa utsi kuti kwawo n'kuti, unabadwa kwa yani, nanga watulukira khomo liti. Iye ankatsogolera, nyama zonse n'kumavomera kuti utsi sunama, zikuwomba m'manja pang'onopang'ono.

Atatha kuimba anafunsa Njiri. "Achimwene, utsiwu unayamba mukukwera mtunda kapena mukutsika?"

"Ponseponse. Galimoto ikulemera ngati wina akuikoka kumbuyo."

"Ikukokera mbali iti?"

"Kumanzere."

Likongwe anapita patayala lakumbuyo kumanzere, anayandikitsa kuseri kwa dzanja lake koma osakhudza, ndipo anabweza msanga.

"Fungo ili likumveka ngati la chiboda chopserera. Mabuleki a tayala ili akakamira, akukhulana njira yonse. Si moto. Tidikire lizizire."

Litazizira, anakweza galimoto ndi jeke, anamasula tayala, ndipo anapeza matope ouma ndi timiyala zitatsekera m'mabuleki. Anagogoda, anatsuka, anachotsa zimene zinapserera n'kuikamo zina. Kenako anatola chibuma cha matope aja, anachifikisa, ndipo m'dzanja mwake munatsala tizigoba ta nkhono zam'madzi.

"Njira yakuchipatala ilibe mtsinje," anatero. "Matope awa achokera kuti?"

Njiri anayang'ana Kambuku. Kambuku ndiye anayankha. "Ndi ana a Khoswe. Amasewera kunsi kwa galimoto n'kumatutira zinyalala m'matayala."

Khoswe anagwada, tsache lili m'manja. "Bwana nduna, ana anga salowa m'shedi. Ndimawaletsa."

"Khala chete iwe. Ndani wakufunsa?"

Likongwe anadziwa kuti pamenepo pali bodza, pakuti wabodza amazindikira msanga bodza la mnzake. Koma anaona zikhadabo za nduna, anamanga tayala, anatola masipanala ake n'kupita kwawo.

Galimoto inayenda maulendo angapo bwinobwino. M'mawa wina Njiri akuimika pabwalo, kunsi kwake chakutsogolo kunatuluka choyera chikukwera m'mwamba. Nyama zinathamangira mchenga ndi nthambi zaziwisi. Ulendo uno mfumukazi nayo inabwera.

"Musathire kanthu," anatero Likongwe atafika.

Anayambanso kuzungulira, nyimbo ija ili pakamwa, kufunsa utsi kwawo ndi mayi wake ndi khomo limene watulukira. Koma anaiimba mochedwerapo, ndipo nyama zinavomera motsitsa mawu chifukwa mfumukazi inali pomwepo. Analowetsa dzanja m'choyeracho, ndipo dzanjalo linanyowa. Analinunkhiza.

"Chikununkhira motsekemera ngati nzimbe zowiritsa, ndipo chikutha msanga. Uwu si utsi, ndi nthunzi. Madzi oziziritsa akudonthera pachitsulo chotentha."

Anavala magulovesi ake a mphira. Anauza nyama zonse kuti mawaya a mtundu wa lalanje asakhudzidwe ndi aliyense, chifukwa ndi amene amanyamula mphamvu yakupha. Anazula pulagi imene imadula mphamvuyo, anadikira kanthawi, kenako anakwawira kunsi kwa galimoto. Anapeza paipi ya madzi itang'ambika. Anaichotsa, anaiponya panja, anamanga ina.

Ali chagada choncho, anayang'ana mimba ya galimoto. Chitsulo chophimba batire chinali chitapindikira m'kati, dzenje loti mutu wake ukanalowamo, ndipo m'mikwingwirima munali mchenga wa kumtsinje. Anayandikitsa dzanja. Pamalo pamenepo pankatentha, pomwe ponse pozungulira panali pozizira. Anatchera khutu, ndipo anamva kaphokoso kakang'ono ngati ka chiswe m'mtengo wouma.

Anatuluka, anasasa fumbi, anakagwada pamaso pa mfumukazi.

"Mayi, paipi ndamanga, madzi ndithiramo. Koma galimotoyi isayendenso."

"Chifukwa?"

"Inamenya mwala kumimba. Batire laphwanyika m'kati. Batire limeneli lili ndi tizipinda tambirimbiri ngati ta m'malesa a njuchi. Kamodzi kakaphwanyika kamayamba kudzitentha kokha, kenako kamayatsa kanzake, kanzakeko n'kuyatsa kena. Moto wake suzima ndi mchenga kapena nthambi, ndipo utsi wake umapha. Kaya lero kaya mawa, sindingadziwe. Ichoke pakati pa nyumba, ndipo pafunika batire lina."

Kambuku anaseka. "Batire lina. Nanga lakaleli lipita kunyumba kwa yani? Kodi mwaiwala njinga ya Fisi?"

"Mpaka pano ili kuseri kwa nyumba," anatero Fisi.

Nyama zinang'ung'udza. Kambuku anatola paipi yong'ambika ija, anaikweza m'mwamba kuti onse aione. "Awa si mano? Ndinanena kale. Wowononga galimoto ya odwala ndi mfiti, ndipo mfitiyo imagona mogundana ndi shedi."

Mfumukazi inatembenukira kwa Likongwe. "Ndiuzeni zoona. Kodi mano a Khoswe angathe kuboola paipi ngati iyi?"

"Angathe, mayi, koma iyi..."

"Wavomera yekha," anatero Kambuku.

Mfumukazi inaitana Njiri. "Bambo, chiwongolero chili m'manja mwanu. Galimotoyi inamenyapo mwala?"

Njiri anayang'ana pansi. "Ine sindikudziwa, mayi."

Mfumukaziyo sinali yankhanza. Koma inakumbukira mchemwali wake pa machila, ndipo mtima wake unauma. Inalamula kuti Khoswe achoke m'dzikomo dzuwa lisanalowe, kanyumba kake kagwetsedwe.

Khoswe sanalire. Anatsamiritsa tsache pakhoma la shedi, anasonkhanitsa ana ake, anawauza kuti aliyense alume mchira wa amene ali patsogolo pake kuti asasochere. Anatuluka m'mudzi ali mumzera choncho, nyama zikuyang'ana kumbali. Madzulo asanafike mbiri inabwera yakuti ali pamtetete, Mphamba anatsika n'kutenga mwana wotsiriza, amene anali kumapeto kwa mzera.

Likongwe atamva anakhala pakhonde pake osadya. Anaganiza za tsiku la matope lija, pamene anaona bodza n'kulisiya lipite. Anaganizanso kuti lero wanena zoona zokhazokha pabwalo, ndipo palibe amene wamukhulupirira.

"Choonadi m'kamwa mwanga sichigwira ntchito," anadziuza. "Ndibwerere ku chida chimene ndimachidziwa."

Sipanatenge nthawi. Mwana wamwamuna wa mfumukazi anadwala malungo aakulu, thupi lonse moto, ndipo kutacha mfumukazi inalamula kuti galimoto itulutsidwe. Likongwe anali atamva kale. Anadzera kwa Njati ndi Mbidzi, anawauza kuti mfumukazi ikuwafuna ndi machila akale aja. Anadzeranso kwa Njovu, anamuuza kuti mfumukazi ikufuna iye ndi achemwali ake onse kumtsinje. Mfumukazi sinanene zimenezi, koma onse anapita. Kenako anakagwada pakhomo la mfumukazi, Kambuku ali pomwepo ndi kiyi.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa. Zija ndinanena pabwalo zinali zabodza. Batire lili bwino. Ndinkalifuna ine, monga ananenera a nduna. Wolakwa ndi Khoswe yemwe uja."

"Mwamva nokha, mayi," anatero Kambuku, nkhope yake itamasuka.

"Koma pali chimodzi," anapitiriza Likongwe. "Chinthu chimene chalumidwa ndi mano a mfiti sichinyamula mwana wa mfumu chisanatsukidwe kumtsinje. Si choncho, bwana nduna? Mwambo mumaudziwa ndinu."

Mwambo wotero kunalibe. Koma Kambuku ndi amene anatchula mfiti pabwalo, ndipo sakanati mwambo sakuudziwa pamaso pa mfumukazi.

"Ndi choncho," anatero.

"Mwana wanga akutentha," inatero mfumukazi. "Ndilibe nthawi ya miyambo."

"Simutaya nthawi, mayi. Njati ndi Mbidzi ali panja ndi machila. Mwana anyamuke pompano ndi azakhali ake. Galimoto ikatsukidwa, iwapeza panjira."

"Ndipita naye ndekha."

"Mwambowu umafuna maso anu. Popanda inu galimoto siyera."

Mfumukazi inalowa m'nyumba, inafunditsa mwana wake, inamuika pa machila ndi manja ake. Inaima pakhomo mpaka onyamula aja atakhota.

Kambuku anafuna kupatsa Njiri kiyi, koma Likongwe anatsekereza. "Chodetsedwa sichiyenda ndi mphamvu yake. Chimakankhidwa."

Anavala magulovesi, anamasula mabuleki, anazulanso pulagi ija n'kuiika m'thumba. Nyama zamphamvu zinakankha galimoto pang'onopang'ono mpaka pamchenga wa kumtsinje, kutali ndi nyumba ndi udzu. Njovu ndi achemwali ake anali ataima kale m'madzi. Likongwe anatapa fumbi, analiwaza m'mwamba, anaona kumene likupita. Kenako anaimika aliyense mbali imene mphepo inkachokera, chapatali ndithu.

"Mwambo umatero," anatero.

Anatsala yekha pafupi ndi galimoto. Fungo linali litasintha. Linali lakuthwa, loyabwa kukhosi, ndipo kaphokoso ka chiswe kaja tsopano kankamveka ngakhale ataimirira. Anayamba nyimbo ija kachitatu, kufunsa utsi kwawo ndi mayi wake, ngakhale utsiwo unali usanaoneke. Nyama zinavomera kuti utsi sunama, koma popanda wowomba m'manja.

Atatha, Likongwe anatsamira chitseko cha galimoto ndi msana wake.

"Chatsala chimodzi. Amene anagwira mfiti ndiye amalowa m'kati pamodzi ndi mwana wake, titseke zitseko, a Njovu athire madzi. Akatuluka ali bwino, mwana wa mfumu angathe kukwera."

Mwana wa Kambuku anali pagulupo, kamnyamata kamene kankasirira galimotoyo chibwerere. Atamva zimenezi anachoka pambali pa mayi ake akuthamanga, nkhope ili yowala. Likongwe anakanikiza chitseko ndi msana kuti chisatseguke ngakhale mwanayo afike. Koma sanafike. Kambuku analumpha, anamugwira ndi mano kuseri kwa khosi, anamukokera kumbuyo mwamphamvu mpaka mwanayo analira.

Nyama zonse zinatembenukira kwa Kambuku.

"Bwanji, a nduna?" inafunsa mfumukazi.

Kambuku anamusiya mwanayo pansi, koma dzanja lili pamsana pake. "Ali ndi chimfine, mayi. Madzi amupweteka."

"Madzi athiridwa kunja. Koma chabwino. Lowani nokha."

Kambuku sanasunthe.

"Lowani, a nduna."

"Mayi, mwambowu..."

"M'mawa uno munali ndi kiyi m'manja, pakhomo panga. Wanga mumati akwere."

Pamenepo Njiri anatuluka pagulu, anagwada pamchenga. Mawu ake anali aang'ono, koma onse anamva. Ananena za ulendo wakutsidya, za mwala wa powolokera, ndi za dzanja limene linaikidwa paphewa pake.

"Munandifunsa, mayi, ndipo ndinati sindikudziwa. Ndinkaopera ana anga. Wa Khoswe ndiye wapita."

Asanadzuke, kunsi kwa galimoto kunamveka mluzu ngati wa njoka yaikulu. Likongwe anachoka pachitseko, anatseka mphuno, anathamangira kumene mphepo inkachokera. Utsi unatuluka wochindikala, woyera kenako wotuwa, wosakwera m'mwamba ngati nthunzi ija koma wokwawa pansi. M'kati munayamba kuthetheka ngati mbuliwuli m'phale.

"A Njovu, kumimba," anakuwa Likongwe. "Padenga ayi. Kumimba, ndipo musaleke."

Njovu zinatunga madzi ndi kupopera kunsi kwa galimoto, ina ikatopa inzake n'kulowa m'malo. Malawi anatuluka kamodzi chakumbali, ananyambita chitseko chimene Likongwe anatsamira, madzi n'kuwagwetsa. Utsi unkachepa, nyama n'kuyamba kuyandikira, koma Likongwe ankazibweza.

"Moto uwu umagona, sufa msanga. Thirani."

Zinathira mpaka dzuwa kupendeka. Galimoto inasiyidwa pamchenga pomwepo, alonda ali chapatali. Mawa lake inayambanso kufuka yokha, njovu n'kubwereranso. Likongwe ankabwera m'mawa uliwonse, ankayandikitsa kuseri kwa dzanja lake pamimba ija, n'kupukusa mutu. Tsiku limene anapeza pazizira ngati mwala wam'madzi, anadikirabe masiku ena, ndipo kenako anaitana nyama zamphamvu ndi mitengo ndi maunyolo. Anamasula batire lopsalo, analikokera kutali ndi mtsinje, anazunguliza minga kuti ana asafikeko.

Mfumukazi sinaone zonsezi. Utsi utangoyamba kugonja tsiku loyamba lija, inalanda Kambuku kiyi ndi ndodo ya unduna, n'kuthamangira kuchipatala wapansi. Mwana wake anachira.

Itabwerako inaweruza mlandu. Njiri anagwadanso, koma mfumukazi inamuuza kuti adzuke, chiwongolero chikadali chake, ndipo ana ake azigona kunyumba ya mfumu mpaka mantha atatha. Kambuku inamupatsa mtengo wakutsogolo wa machila.

"Mpaka galimoto idzayende, wodwala aliyense adzapita paphewa lanu. Amene adzatsirizikire panjira, mudzabwera naye ndinu, ndipo ndinu mudzagogode pakhomo la abale ake."

Batire lina linadikira uchi wa chaka chotsatira. M'miyezi imeneyo Kambuku ananyamula ambiri, ndipo si onse amene anafika. Anagogoda pamakomo, mutu uli pansi. Batire litabwera, Likongwe anasintha mawaya onse amene anapsa, anamanga latsopanolo, anaikanso chitsulo china chochindikala kunsi kwake. Analowetsa pulagi, ndipo galimoto inayenda mwakachetechete ngati kale.

Koma zimenezo zinali zam'tsogolo. Mlandu utangotha, mfumukazi inaitana Likongwe payekha.

"Munandinamiza pakhomo panga."

"Eya, mayi."

"Pabwalo munandiuza zoona, ndipo sindinamve." Kenako inamupatsa nsalu yatsopano ndi dengu la mtedza. "Kamfuneni Khoswe. Mukamuuze kuti ndinalakwa. Nyumba ndimumangira ina, tsache lake likudikira."

Likongwe anafunsa njira yonse, mpaka anamupeza kunsi kwa nkhokwe yakugwa kumudzi wosiyidwa. Ana anabisala atamuona. Khoswe anatuluka, ataonda, ndipo sanamupatse pokhala.

"Amayi, ndatumidwa ndi mfumukazi."

"Ndinamva kuti munakagwada pakhomo pawo n'kunena kuti wolakwa ndine."

"Ndinatero. Unali msampha wogwirira Kambuku."

"Ndinamvanso zimenezo. Msampha wabwino." Anayang'ana dengu lija koma sanalikhudze. "Nanga tsiku la matope, a Likongwe, munali mutaona kale?"

"Ndinali nditaona."

"Tsiku limenelo msampha munalibe?"

Likongwe anatula dengu lija pansi.

"Mfumukazi akuti bwererani," anatero. "Akuti analakwa. Akumangirani nyumba."

"Mukawathokoze. Mwana wawo ndamva kuti anachira, ndipo ndakondwa. Wanga ndilibe ngakhale manda oti ndikuonetseni." Khoswe anakhala pansi, anakoka mwana mmodzi amene anasuzumira n'kumuika pamiyendo. "Mukudziwa, a Likongwe, ife mano athu amayabwa. Tinabadwa choncho. Nthawi yonse ija ndinkasesa m'shedi, ndinkagona ndi fungo la mawaya aja pamphuno, ndipo sindinalumepo ngakhale kamodzi. Ana anga ndinkawakwapula akangoyang'anako. Chilango chake ndalandira chonse. Tsopano sindidzawaletsanso."

"Amayi, m'galimotomo mumakwera odwala."

"Ndikudziwa. Inu mulipo, muzikonza."

Analowa kunsi kwa nkhokwe, ndipo sanatulukenso. Likongwe anasiya nsalu ndi mtedza pamenepo, anabwerera yekha.

Kuyambira nthawi imeneyo makoswe sakhalanso poyera pakati pa nyama zinzawo. Amabwera mobisa, amalowa m'mashedi, amatafuna mawaya ndi mapaipi n'kuthawa. Likongwe sanatchere msampha m'shedi ngakhale umodzi. M'mawa uliwonse galimoto isanatuluke, ankakwawira kunsi kwake, ankayendetsa maso pa waya uliwonse, ndipo akapeza wolumidwa ankamusintha osaimba nyimbo. Njiri ankadikira pachiwongolero mpaka atatuluka.

Nthawi zina mfumukazi inkamupeza ali ndi waya woduka m'manja, mano akuonekera bwinobwino pamphira.

"Chadula n'chiyani, a Likongwe?"

"Wangotha ndi ukalamba, mayi."

Mfumukazi inkayang'ana wayayo, inkayang'ana Likongwe, n'kupitiriza ulendo wake.

Yanga yathera pompa. Wina akaone mbatata ija pamoto, ingapserere ife tili chete chonchi.